Phunziro Lapadera: Mitengo ya Mthunzi Pakhomo ndi Mbalame Zobwera M'menemo

Nthawi: maola awiri, kuyambira 6 koloko m'mawa
Malo: makomo awiri a mamembala amene avomera okha, lina la mitengo yambiri, lina la mitengo yochepa
Zofunika: kope, pensulo, njere za chimanga kapena timiyala towerengera, ndodo yotalika mita imodzi, phale

Alimi anzanga, sabata ino sitilowa m'munda wa sukulu. Tikumana pakhomo, pansi pa mtengo, ndipo ntchito yathu yoyamba ndi kukhala phee n'kumayang'ana m'mwamba. Ndikudziwa kuti ena mudzifunsa ngati alangizi asowa chophunzitsa. Chandichititsa kusankha mutu umenewu ndi ichi: pa mapepala onse a kauniuni wa m'munda amene magulu athu ajambula chiyambire dzinja lino, pali mbozi, nsabwe za m'masamba, akangaude, nyerere ndi mavu, koma palibe gulu limene lajambulapo mbalame. Chikhalirecho sabata yatha, nthawi yonse imene tinkawerenga chimanga chogwidwa ndi ntchemberezandonda, mnthengu anali pa chikhomo cha m'malire, akutsika kukawakha tizilombo n'kubwereranso pa chikhomo chomwecho. Tonse tinamuona. Palibe anamulemba.

Sukulu za alimi za m'munda ngati yathuyi zinayambira ku Indonesia m'chaka cha 1989, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, alimi a mpunga atazindikira kuti mankhwala amene ankapopera ankapha akangaude ndi tizilombo tina todya adani a mpunga wawo. Phunziro lalikulu linali lakuti mlimi ayambe wadziwa bwenzi ndi mdani m'munda mwake asanatenge botolo la mankhwala. Mbalame nazo zili m'kaundula yemweyo, ndipo mbalame zambiri zimene zimagwira ntchito m'dimba ndi m'munda wa kuseri kwa nyumba zimagona, kumanga zisa ndi kulera ana awo m'mitengo ya pakhomo. Mukagwetsa mtengo, mwasamutsa ndi zimenezo.

Mthunzi weniweniwo

Tisanafike pa mbalame, tinene za mthunzi, chifukwa ndi umene aliyense amaufuna ngakhale alibe nazo ntchito mbalame. Nditangofika kumene kudera kuno ndinkakhala m'nyumba ya malata yopanda mtengo ndi umodzi womwe pabwalo. Mu Okutobala, ikamakwana 2 koloko masana, m'nyumbamo simunkakhalika. Ndinkanyamula mabuku anga kukalembera malipoti pansi pa msikidzi wa agogo ena oyandikana nawo, ndipo pamenepo ndinkapeza amayi akusenda chinangwa, ana akuchita masamu, nkhuku zitafukula fumbi n'kugona, mbuzi nayo ili pambali. Mtengo umodzi unkasunga makomo atatu.

Mtengo umaziziritsa m'njira ziwiri. Masamba amatchinga dzuwa kuti lisawombe pansi, pakhoma ndi padenga. Komanso mtengo umakoka madzi pansi n'kuwatulutsa m'masamba ngati nthunzi, ndipo madziwo akamauma amachotsa kutentha mu mpweya, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. N'chifukwa chake mthunzi wa mtengo umakoma kuposa wa chisakasa cha malata.

Mukafika kwanu lero, yesani izi. Tengani miyala iwiri yofanana, wina muuike padzuwa, wina pansi pa mtengo. Ikakwana 2 koloko muigwire yonse ndi dzanja. Kenaka fukulani dothi ndi chala pamalo onse awiri, muone pamene pali chinyontho. Mudzatiuze sabata yamawa.

Kutentha si nkhani ya anthu okha. Nkhuku sizituluka thukuta. Zikatenthedwa zimayasamula kukamwa, kutambasula mapiko, zimadya pang'ono ndipo mazira amachepa. Nkhumba ndiye imavutika koposa. Ng'ombe ya mkaka yokhala padzuwa tsiku lonse imatsitsa mkaka. Nazale ya mbande, mulu wa kompositi ndi mng'oma wa njuchi, zonsezi zimafuna mthunzi.

Kusankha mtengo

Palibe mtengo wokwanira pa zonse, ndipo amene amagulitsa mbande sakuuzani kuipa kwa mtengo wake. Ine ndikuuzani mbali zonse ziwiri.

Pa mthunzi wa pabwalo, msikidzi ndimauika patsogolo. Sutaya masamba m'chilimwe, nthambi zake zimatambalala, ndipo ukachita maluwa kumapeto kwa chilimwe pakhomo ponse pamanunkhira, njuchi ndi timbalame toyamwa maluwa tili piringupiringu. Njere zake zakuda ndi zofiira zija mbalame zimazikonda, ndipo zili ndi mafuta amene anthu amapangira sopo ndi odzola. Chovuta chake n'chakuti njere sizisungika. Muzifese zikangogwa, musadikire mwezi.

Mango tonse timawadziwa. Mthunzi wake ndi wothithikana kotero kuti pansi pake sipamera kanthu, zimene zili zabwino pabwalo koma zoipa m'dimba. Mango a kumezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi ndipo satalika kwambiri. A njere amachedwa koma ndi amene amapereka mthunzi waukulu. Ngati malo alipo, bzalani onse awiri. Peyala nalo ndi labwino, koma silifuna dothi lodikha madzi.

Kachere ndi mkuyu ndiye mitengo ya mbalame yeniyeni. Zipatso zake zikapsa, mutha kuwerenga mitundu ingapo ya mbalame pa mtengo umodzi musanamalize kumwa tiyi, ndipo usiku mileme imalandira zake. Kachere amamera mosavuta mukazika nthambi yaikulu nthawi ya mvula. Makolo athu sanalakwitse pomuika pabwalo la milandu, osati pafupi ndi khonde: mizu yake imayenda kutali kufunafuna madzi, imang'amba maziko a nyumba, imalowa m'chitsime ndi m'chimbudzi. Musamuyandikize kuposa mamita 20 ku chomangidwa chilichonse. Mbawa nayo imafuna malo otakasuka chifukwa imakula kwambiri; imeneyo mukubzalira adzukulu matabwa.

Msangu uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe. Choncho suphimba chimanga, umawonjezera chonde m'nthaka, ndipo mthunzi wake umabwera nthawi imene ziweto zikuufuna, pamodzi ndi zipatso zimene mbuzi ndi ng'ombe zimadya. Koma uli ndi minga. Malo ake ndi kukhola ndi kumunda, osati pamene ana amasewera opanda nsapato.

Wofuna mthunzi wamsanga abzale kesha, mabulosi kapena chamwamba, ndipo kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, nimu amachita bwino. Kesha mbuzi sizimukonda ndipo amapirira chiswe, koma mizu yake imapikisana ndi mbewu, komanso masamba ndi zipatso zake si zabwino kwa nkhumba. Mabulosi amakopa apumbwa, ndipo apumbwa akadya mabulosi musayanike zovala zoyera pafupi. Nzeru yabwino ndi kubzala wofulumira ndi wochedwa nthawi imodzi, n'kudzadula wofulumirayo wochedwa uja akakula.

Iwiri iyi ndikuchenjezani. Bulugamu akhale m'munda wa mitengo, kutali ndi dimba, chitsime ndi nyumba. Amamwa madzi ambiri, amagwetsa nthambi, ndipo mthunzi wake ndi wochepa. Indiya amakula msanga, koma zipatso zake zachikasu zija ndi poizoni kwa ana ndi nkhumba.

Musaiwalenso mitengo imene ilipo kale. Zitsa za matowo, mpoza, chitimbe, nthudza kapena masuku zimene zikuphukira kuseri kwa nyumba zili ndi mizu yakale yozama. Mukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba n'kudula zotsalazo, mtengo umakula msanga kuposa mbande ya m'chubu, osathirira, osagula. Alimi a ku Niger anabwezeretsa mitengo m'minda yawo ndi njira yomweyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Pobzala

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma musanamizidwe ndi tsiku lotsekeralo. Mtengo wobzalidwa mu Malichi umapeza mvula ikutha usanazike mizu. Bzalani mwezi wa Januwale usanathe.

Yambani mwaima pabwalo panu madzulo, muone khoma limene dzuwa likuwomba. Dzuwa lozunza ndi la kumadzulo, lochokera 1 koloko mpaka 4 koloko, choncho mtengo woyamba upite kumadzulo kwa nyumba kapena kwa khola. Mtengo waukulu ngati mango, peyala kapena msikidzi utalikire mamita 10 kuchokera pakhoma, kuti mizu isafike pamaziko ndiponso nthambi isagwere denga mphepo ya mkuntho ikabwera ndi mvula yoyamba. Yezani ndi ndodo, musayeze ndi maso, kambande kamanamiza. Musabzale pansi pa mawaya a magetsi, ndipo ngati ndi m'malire, kambiranani ndi mnzanu woyandikana naye lero, osati mtengo utayamba kubereka.

Dzenje la mtengo wa zipatso kapena wa mthunzi likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya. Dothi lapamwamba liikeni padera, lisakanizeni ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino, ndipo ndi limene liyambe kubwerera m'dzenje. Chotsani chubu, ikani mbande kuti dothi lifike pamene linkalekezera m'chubumo, tsinderani, thirirani. Phimbirani ndi udzu wouma mozungulira koma usakhudze tsinde, chifukwa umaitana chiswe.

Mitengo yambiri imene timabzala siifa tsiku lobzala. Imafa mu Seputembala ndi Okutobala, mbuzi zitamasulidwa ndipo madzi atatalikira. Mbande yopanda mpanda ndi ndiwo za mbuzi. Itchingeni ndi minga, nsungwi kapena njerwa zosanja mosiya mipata. M'chilimwe choyamba ndi chachiwiri, ndowa imodzi kawiri pa sabata ndi yokwana, ndipo madzi otsukira mbale kapena mpunga amathandiza bola asakhale a sopo wambiri. Kulibwino kubzala mitengo itatu n'kuisamala kusiyana ndi kulandira mbande 50 n'kuzisiya.

Pali nkhani ina imene sitiikamba poyera koma imalepheretsa kubzala. Abambo ena okhala pachikamwini amati sangabzale mtengo pamalo pamene si pawo, ndipo amayi ena amati kusesa masamba kumagwera iwo okha. Nkhanizi ndi zenizeni, ndipo tizikambirana m'magulu. Maganizo anga ndi akuti mango amene abambo abzala adzadyedwa ndi ana awo omwe, kaya zinthu zidzayenda bwanji, ndipo masamba osesedwawo asawotchedwe. Apite pa mulu wa kompositi, amuna ndi anyamata athandize kututa.

Mbalame zimene tizione

M'Malawi muli mitundu ya mbalame yoposa 600, koma pakhomo wamba mudzaona mitundu khumi kapena makumi awiri, ndipo imeneyo ndiyo tifuna tiidziwe bwino. Mayina amasiyana malinga ndi dera. Mukamva dzina lachilendo pano, tiuzeni lanu, tilembe onse.

Pumbwa, wa mutu wakuda ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira, ndiye amayamba kulankhula m'mawa. Amadya zipatso ndi tizilombo. Amajompha papaya lakupsa ndi tomato, zimenezo n'zoona, koma amatolanso mbozi m'masamba, ndipo njere zimene wameza amakazitaya kwina, n'chifukwa chake gwafa ndi mabulosi zimamera pamene simunabzale. Apumbwa akasonkhana pa nthambi imodzi n'kumalongolola osaleka, pitani mukaone mosamala. Nthawi zambiri pamakhala njoka kapena mphaka.

Mnthengu, wakuda bii wa mchira wa mphanda, amadya tizilombo touluka, ziwala ndi agulugufe. Kumbukirani kuti mbozi iliyonse inachokera ku dzira la gulugufe kapena njenjete. Chimene ndimamukondera n'chakuti saopa. Kabawi akadutsa, mnthengu amamuthamangitsa, kumujompha kumsana ali m'malere mpaka atachoka, ndipo phokoso lake limachenjeza thadzi kuti libise anapiye. Amafuna pokhala poonekera, choncho zikhomo zingapo zazitali m'dimba zimamuitana.

Timbalame tating'ono ta milomo yaitali yopindika tija timati choso timayamwa timadzi ta m'maluwa, ndipo potero timanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake. Ana ake timawadyetsa tizilombo ndi akangaude. Timba amayendayenda m'tchire lalifupi ndi m'mipanda kutola tizilombo ting'onoting'ono. Gogomole mumamumva musanamuone. Amagogoda nthambi zouma kutulutsa mphutsi zoboola mitengo, ndipo mphako zimene wasema zimadzakhala zisa za mbalame zina. Ngati nthambi youma ili poti singagwere munthu kapena denga, isiyeni. Akakowa amatsata ng'ombe ndi khasu kutola ziwala ndi mphutsi zofukulidwa.

Anamzeze amadya ali m'malere, tizilombo touluka tokhatokha. Ena amakhala konkuno chaka chonse, ndiwo amamanga zisa zadothi pansi pa denga la tchalitchi kapena la sukulu. Koma ambiri mwa amene mukuwaona atandandalika pa mawaya miyezi ino ndi alendo. Amaswana ku Europe ndi ku Asia, amathawa chisanu n'kufika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo amabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Kambalame kopepuka kwambiri kamadutsa nyanja ndi chipululu, kenaka mwana n'kukagwetsa ndi legeni pofuna nyama yosakwana n'kamwa momwe.

Pa legeni sindingaloze chala munthu. Ine ndili mwana ndinali nayo yanga, ndipo ulimbo ndinkaudziwa kutcha. Ndikudziwanso kuti pakhomo pena mbalame ndi ndiwo. Chimene ndikupempha n'chochepa: pamtengo wa pakhomo ndi m'dimba pakhale poletsedwa, ndipo m'dzinja, pamene mbalame zambiri zili ndi mazira ndi ana, zisa zisaphwasulidwe. Mukapha kholo limodzi nthawi imeneyi mwapha chisa chonse. Ana amene ali akatswiri pa legeni ndi omwenso amadziwa chisa chilichonse m'mudzi; apatseni kope akhale owerengera athu.

Za kadzidzi

Pano ndiyankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa zimene ambiri tinaphunzitsidwa, kuti kadzidzi akalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro kapena watumidwa. Sindikubwera kudzatsutsana ndi agogo anu. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha, chimene ndi mwambo wa sukulu yathu: tione ndi maso.

Kadzidzi amameza nyama yake yathunthu, kenaka amalavula ubweya ndi mafupa zitaumbika ngati kampira kotuwa kapena kakuda. Timipira timeneti timapezeka pansi pa mtengo kapena m'nyumba yakale imene amagonamo. Mukatipeza, tinyamuleni m'pepala, tidzatiphwanye ndi kamtengo pamaso pa gulu, n'kusamba m'manja ndi sopo tikatha. Mudzaona tizigaza ndi mano a mbewa ndi makoswe. Kadzidzi amabwera pakhomo chifukwa pali nkhokwe, ndipo pa nkhokwe pali makoswe. Ku Malaysia, alimi a mpunga ndi a migwalangwa ya mafuta amachita kukhomera akadzidzi mabokosi oti aswanemo kuti awaphere makoswe.

Apa pakubweranso nkhani ya mankhwala. Khoswe wodya poizoni safa pomwepo. Amayenda mofooka, ndipo ndi amene kadzidzi, mphaka kapena galu amamugwira mosavuta n'kufa naye limodzi. Gwiritsani ntchito misampha poyamba, ndipo khoswe wofa ndi mankhwala mumukwirire mozama. Mchitidwe wothira tameki kapena mankhwala ena mu madeya pofuna kugwira mbalame ndi woopsa kwambiri: umapha nkhuku za eni, ndipo mbalame yofa ndi poizoni ikhoza kupha munthu woidya. Musagule mbalame zowotcha ngati simukudziwa mmene zinagwidwira.

Zimene zimaononga

Ndikanena kuti mbalame zonse ndi abwenzi ndikhala ndikunama, ndipo amene mumalima mapira, mawere, mpunga ndi mpendadzuwa simungandikhulupirirenso. Mpheta ndi njiwa zimadya mbewu. Khwangwala amafukula chimanga chobzala, amasenda chachiwisi ndipo amaba mazira. Kabawi amatenga anapiye.

Komabe tisiyanitse. Chikhamu cha mpheta za milomo yofiira zija alangizi timati kweleya, zimene zimatsika ngati mtambo pa munda wa mpunga kapena mapira, sichichokera mu mango a pakhomo panu. Zimagona ndi kuswana m'mabango ndi m'nkhalango za minga, ndipo zimayenda maulendo ataliatali. Kudula mtengo wa pabwalo sikungazichepetse ndi imodzi yomwe. Mukaona kumene zikugona zochuluka, dziwitsani ofesi ya zaulimi msanga. Pa mpheta wamba, chothandiza kwambiri ndi kubzala nthawi imodzi ndi anzanu a minda yoyandikana, chifukwa munda wocha wokha ndi umene umadyedwa wonse. Kololani zikangokhwima, mangani zingwe za zitini, sunthani zoopsezera masiku awiri alionse poti mbalame zimazolowera, ndipo ngala zimene mwasankha kuti zikhale mbewu zivekeni timatumba. Kulondera mbalame kusakhale chifukwa chojombetsera mwana kusukulu.

Chodabwitsa n'chakuti mpheta zambiri, ngakhale zimadya njere, ana ake zimawalera ndi mbozi ndi tizilombo tofewa, nthawi yomweyo imene mbewu zathu zili zanthete. Dziko la China linaphunzira zimenezi mowawa. M'chaka cha 1958 boma la Mao Zedong linalamula anthu kuti aphe makoswe, ntchentche, udzudzu ndi mpheta. Anthu ankaswa zisa ndi kuimba mapoto mpaka mbalame zinkagwa ndi kutopa. Mpheta zitachepa, dzombe ndi tizilombo tina tinachuluka m'minda. Njala yoopsa imene inatsatira inali ndi zifukwa zambiri, koma pofika 1960 boma lomwelo linachotsa mpheta pa mndandanda wa adani n'kuikapo nsikidzi.

Pa anapiye, mankhwala ake ndi khola. Asungeni m'kakhola kapena pansi pa dengu lalikulu kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi oyamba, ndipo pabwalo pakhale zitsamba zazifupi zothawiramo. Pabwalo losesedwa mbee, lopanda pobisala, ndi pamene kabawi amakondwa. Akhwangwala amachuluka pamene pali dzala losakwirira.

Ndipo pa ntchemberezandonda ndisakulonjezeni zambiri. Mboziyi, imene inafika m'dziko muno m'dzinja la 2016 mpaka 2017, imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga kumene mbalame zambiri sizifika. Mbalame zimathandiza kuchepetsa, sizithetsa. Kuyendera munda kawiri pa sabata, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi ndi manja kupitirire monga tinagwirizana.

Zochita lero

Tigawikana m'magulu athu a nthawi zonse. Theka lipite pakhomo la mitengo yambiri, theka linalo pakhomo la mitengo yochepa, kenaka tisinthane. Sitikupita kukaweruza pakhomo pa munthu, ndipo amene atilandira tiwathokoze.

Khalani pansi mwakachetechete kwa mphindi 15, dzuwa likhale kumsana kwanu kuti muone mitundu ya nthenga. Mphindi zisanu zoyamba mudzaona ngati palibe kanthu. Mbalame zimayamba zaonetsetsa kuti simuli ndi legeni. Musaloze ndi dzanja, nenani chapansipansi. Pa mtundu uliwonse wa mbalame ikani kamulu ka njere, njere imodzi pa mbalame imodzi, ndipo mlembi alembe dzina, mtengo umene inatera, ndi chimene imachita. Chofunika koposa ndi chimene ili nacho kukamwa. Yang'anani mlomo: waufupi wonenepa ndi woswa njere, wowonda wosongoka ndi wotola tizilombo, wautali wopindika ndi wa maluwa, wangowe ndi wa nyama. Mbalame imene simukuidziwa ijambuleni, akuluakulu a m'gulu atithandiza dzina.

Tikakumananso, gulu lililonse liike mbalame zake m'magawo atatu: zothandiza, zoononga, ndi zochita zonse ziwiri. Mudzaona kuti gawo lachitatu ndi limene lidzetse mkangano, ndipo mkanganowo ndi umene tikuufuna. Tikambiranenso mafunso awa. Ndi pakhomo liti pamene panali mitundu yambiri, ndipo ndi mtengo uti umene unakopa zambiri? Ndi mbalame ziti zimene munkaziona muli ana koma pano sizioneka, ndipo zinasowa liti? Mtengo womaliza umene unadulidwa pakhomo panu unapita ku chiyani, makala, uvuni wa njerwa, chigafa kapena nkhuni, ndipo anagamula ndani?

Tisanabalalike tiika phale la madzi. Mbalame zimafuna madzi akumwa ndi osamba, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo palibe njira yachidule yozionera pafupi kuposa imeneyi. Phale likhale losaya, madzi asapitirire masentimita 5, ndipo muikemo mwala woti timbalame ndi njuchi tiziterapo. Liikeni pamwamba, pa chitsa kapena pa mphanda ya mtengo, pamthunzi, pamene mphaka sangabisale pafupi. Tayani madziwo ndi kutsuka phale masiku awiri kapena atatu alionse. Udzudzu umatenga pafupifupi sabata kapena kuposerapo kuchoka pa dzira kufika pouluka, choncho mukamasintha madzi motere sungaswane. Mtengo pawokha subala udzudzu, amabala ndi madzi odikha, komabe kugona m'masikito kusalekeke.

Phale limeneli likhale kutali ndi pomwera ndi podyera nkhuku, chifukwa mbalame zakutchire zikhoza kupatsirana matenda ndi nkhuku. Katemera wa chitopa apitirire katatu pa chaka. Mukapeza mbalame zingapo zitafa malo amodzi popanda chifukwa chooneka, musazigwire ndi manja, musazidye, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi zinthu zitatu: zimene wapeza pa miyala iwiri ija, chithunzi cha pakhomo pake chojambula pamanja choonetsa nyumba, khola, chitsime, chimbudzi, kumadzulo ndi pamene akufuna kubzala, komanso kawerengedwe ka mbalame ka m'mawa umodzi pakhomo pakepo. Amene muli ndi kachere kapena mabulosi, tidulireniko nthambi zoti tigawane. Pa pepala la kauniuni wa m'munda tiwonjezera mzere wa mbalame kuyambira tsiku limenelo.